Mwezi Usanaoneke

Abiti Sanudi anapita kwa Shehe Makwinja m'masiku omaliza a Ramadhani, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene telala aliyense pa Ntaja amakhala atawerama pa makina kusoka zovala za Idi. Anadzera kwathu kuti ndiwaperekeze, poti mayi sangakakhale yekha ndi shehe. Ine ndine Abiti Jawadu, ndimaphunzitsa atsikana pa madrasa ya a Shehewo, ndipo Abiti Sanudi ndinakulira nawo limodzi. Ndi telala wosapsatira mawu. Akamakuyesa diresi amakuuziratu kuti wanenepa, ndipo sapepesa.

Nkhani yawo ndinkaidziwa. Zaka zingapo m'mbuyomo anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Anawachotsa bere lakumanzere, nalandira mankhwala a m'diripi mpaka madokotala ananena kuti yatha. Tsopano, tsiku lina akusamba, anamva kachotupa m'bere lotsalalo. Kuchipatala chachikulu anadulako kanyama kuti akapime, n'kuwauza kuti akamve zotsatira Lachiwiri la pambuyo pa Idi.

A Shehe tinawapeza pakhonde la mzikiti akusoka mkanjo wawo umene unang'ambika m'khwapa. Munthu woti anaphunzira kutali zaka zambirimbiri, koma singano inkawazunza zomvetsa chisoni. Tinapereka salamu, iwo anayankha, natiyalira mkeka ndi manja awo.

"A Shehe," anayamba Abiti Sanudi, "anthu amati kuno kulibe wophunzira woposa inu. Ndabwera ndi funso limodzi lokha. Matenda anga aja abwerera kapena ayi?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Simukudziwa?"

"Sindikudziwa. Zobisika amadziwa ndi Allah yekha. Ndikati ayi, ndakunamizani kuti mugone bwino lero. Ndikati eya, ndakunamizaninso."

"Ndiye mabuku onse aja munawerengeranji?"

Ine manyazi anandigwira, ndinawatsina pamwendo. A Shehe sanakhumudwe. Anati, "Ambiri mwa mabukuwo anandisonyeza pamene nzeru zanga zathera. Funso lanuli lili kutsidya kwake."

"Chabwino, ndamva," anatero Abiti Sanudi. "Ndiye imvani zanga. Lachiwirilo sindipita. Ulendo woyamba uja ndinapirira. Tsitsi linathothoka lonse, zikhadabo zinada bii, madzi enieniwa ndinkasanza. Anthu ankati pirirani, ine n'kupirira. Nditachira ndinathokoza, ndinapereka sadaka. Lero akandiuzenso kuti tiyambirenso? Ayi, bola ndisadziwe. Makina ndatseka, nsalu za anthu ndibweza mawa, ndipo sanda yodzandikulungira ndagula kale. Inu mungondiphunzitsa duwa, pemphero la munthu wodikira imfa."

Za sandazo ine sindinkazidziwa. Ndinachita mantha, ndiponso ndinapsa mtima kuti mnzanga wa paubwana angakagule nsalu yotere osandiuza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwalalatire, koma a Shehe anatukula dzanja pang'ono, ine n'kumeza mawu.

"Mayi," anatero a Shehe, "mundithandize kaye pa za ntchito yanu, poti mukuona nokha kuti singano ine si yanga."

Abiti Sanudi anayang'ana mkanjo uja cham'mbali. "Ndaona kale. Msoko umenewo sufika Idi."

"Idiyo ndi liti?"

"Aa, a Shehe, mukufunsa ine? Mpaka mwezi uoneke. Mwina tisala komaliza tsiku lokayikitsa lija la 29, mwina tiwonjezera lina."

"Ndiye zaka zonsezi eni zovala mumawauza chiyani, poti tsiku lenileni simulidziwa?"

Apa utelala unawadzukira, ndipo mawu awo anayamba kumveka ngati a masiku onse. "Ine sindidikira mwezi. Telala wodikira mwezi amatukwanidwa pakhomo pake pomwe. Ndimamaliza zonse tsiku lokayikitsalo lisanakwane, kuti ukangooneka ana a anthu avale."

"Nanga kukhitchini?"

"Mpunga wa Idi ndimasankhiratu, nkhuku ndimamanga mwendo. Komanso ndimasunga cha dakwi, chodya m'bandakucha chija, kuti ukapanda kuoneka tidzuke tidye, tisalenso."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri. Mayi aliyense wanzeru zake amatero."

"Nanga madzulo amenewo kukachita mitambo, wina n'kunena kuti lero palibe chooneka, tisavutike n'kutuluka komwe?"

"Ameneyo ndi mlesi," anatero Abiti Sanudi. "Mitambo imang'ambika. Ndipo kuno kukaphimba, kwina amauona, timamva pa wailesi. Za mwezi munthu sagamula ndi mtima wake. Timadikira mawu a amene auona ndi maso."

"Ndipo amene wadzitsekera m'nyumba uja, mwezi umaleka kubadwa chifukwa cha iye?"

"Ayi. Iye ndi amene amadzuka mawa lake osadziwa kuti asale kapena adye."

Atangotero anamva kumene mawu awo omwe akulowera. A Shehe anaika singano pansi.

"Mayi, inu mwaona mitambo. Sindikunyozani, mitamboyo ndi yeniyeni, mwaikhudza ndi chala chanu. Koma mwagamula nokha amene aona ndi maso asanayankhule. Sanda si cholakwa kukhala nayo. Ine yanga ili m'sutikesi, yatopa n'kundidikira. Chimene chandidabwitsa n'chakuti mayi amene moyo wake wonse amakonzekera mbali ziwiri, lero wakonzekera imodzi yokha. Duwa ya wodikira imfa sindikuphunzitsani, chifukwa inu simukudikira imfa. Mukudikira Lachiwiri."

Abiti Sanudi anakoka mpango wawo n'kuphimba kumaso. Ine chikhalire sindinawaonepo akulira pagulu, ngakhale nthawi imene tsitsi linkathothoka ija. Nanenso misozi inangoti mbwe, ndipo sindinaibise.

"Ndikuopa, a Shehe," anatero. "Ndikaweramira pa swala kuti ndipemphere, mutu umathawira kuchipatala. Ndikagona, dzanja limapita lokha pachotupapo. Kodi chikhulupiriro changa chatha?"

"Sichinathe. Chikanatha simukanayenda padzuwa lonseli muli pa kusala. Mantha si tchimo, ndipo Allah sadabwa nawo, poti mtimawo anaulenga ndi Iye. Opani, koma muziopa manja akugwira ntchito. Mutu ukathawa pa swala, ubwezeni, ukathawanso, ubwezeninso. Ndipo pemphani machiritso mosachita manyazi, monga mmene mwandifunsira ine muja, mosazungulira. Kenako mupite. Amene analola matenda ndi yemweyo anapatsa madokotala nzeru, ndipo chotupa chikadziwika msanga iwo amakhala ndi pogwira. Kuyadzamira Allah si kutseka chitseko."

"Masiku ake ndiye sakuyenda," anadandaula motero.

"Muli ndi zovala zingati zosamaliza?"

"Mulu."

"Ndiye masikuwo akuchepererani. Nsalu za anthu musabweze. Tsegulani makina lero lomwe, ana avale pa Idi. Lachiwiri mwalimu Abiti Jawadu akwera nanu minibasi. Atsikana awo ndiwaphunzitsa ndine, ngakhale ndikudziwa kuti andiseka."

Sanandifunse n'komwe ngati ndili ndi mpata, ndipo anachita bwino, chifukwa ndikanapita ngakhale akanandiletsa.

Abiti Sanudi anapukuta nkhope, nakonza mpango, nawongola msana monga amachitira akamakambirana ndi kasitomala wovuta. Ndinaona kuti za ulendo avomera. Koma panali patatsala funso limene linawabweretsa kwenikweni, ndipo analifunsa motsitsa mawu.

"Ndipita. Nanga akakandiuza kuti yabwerera?"

A Shehe anawayang'ana ndi chifundo, kenako anati:

"Ndiye kuti mwezi sunaoneke, mayi, ndipo kwatsala kusala. Sindikubisirani, tsiku lowonjezera lija limalemera kuposa ena onse, poti mtima umakhala utafika kale pa Idi. Mudzalira, ndipo palibe adzakuletseni. Koma mawa lake mudzadzuka, mudzachita niya, kutsimikiza mumtima monga amachitira wosala, mudzayamba mankhwala, pakuti njirayo munaidutsapo ndipo simunagwe. Tsono tandiuzani: pa Ntaja pano munaonapo liti munthu akusala tsiku limenelo yekha, anzake onse akudya? Kamveni mawu a madokotala, mubwere nawo kuno. Akati Idi, tidya tonse. Akati kusala, tidzuka tonse."