Kiyi wa Laibulale M'manja mwa Msuweni

Pa koleji ina ya anamwino ku Katete panali laibulale ya chipinda chimodzi, ndipo woyang'anira wake anali Perpetua Mvula. M'mashelefu munali mabuku okalamba, ena odyedwa ndi njenjete, koma chuma chenicheni chinali m'makompyuta. Mmenemo ophunzira ankawerenga mabuku a zachipatala a kampani ina yakunja, imene inachita pangano ndi kolejiyo.

Panganolo Perpetua ankalidziwa ngati pemphero. Analilemba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja n'kulimata pachitseko, ndipo ophunzira atsopano ankawaimika pomwepo asanakhudze n'komwe kompyuta.

"Tcherani khutu," ankatero. "Mabuku ali umu si athu, ndi obwereka. Eni ake alola ife a pakoleji pano basi. Pasiwedi ndiye kiyi wolowera, aliyense ali ndi yake, ndipo sabwereketsa. Kukopera mutu umodzi n'kololedwa, buku lonse ayi. Zogulitsa ndiye musayerekeze. Akalakwa mmodzi, amatitsekera tonse."

Ophunzira ankamuopa mpaka anam'patsa dzina loti Mayi Pangano. Koma abale inu, kulimba mtima n'kosavuta pamaso pa ana a eni. Vuto limadza pamene wopemphayo ndi wako.

Mwezi wa Ogasiti Perpetua anapita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika. Ali pakati pa fumbi ndi ng'oma, wina anam'tsomphola nzimbe imene ankadya. Anali Elias, msuweni wake, mwana wa amalume ake, amene ankagwira ntchito pa kachipatala ku Vubwi uku akuwonjezera maphunziro ali kunyumba.

"Mkazi wanga uja ndi uyu!" anakuwa Elias. "Ndamva ukufungatira mabuku ngati nkhuku pamazira. Mwamuna wako ndikuvutika ndi sukulu, iwe uli phee ndi kiyi!"

"Choka apa iwe," anaseka Perpetua. "Mwamuna wanji wopanda ndi mbuzi yomwe?"

"Umbombo basi! Kwanu nonse mumadyera kuchipinda."

Amayi a pamudzi amene anakhala nawo pamphasa anafa nazo ziseko. "M'patse iwe," anatero mmodzi. "Msuweni samanidwa. Ukufuna akuimbe nyimbo?"

Perpetua anatenga foni ya Elias n'kulembamo pasiwedi. Sinali ya wophunzira ayi, inali yake yeniyeni, ya woyang'anira, yotsegula paliponse. Mawu a pangano aja anafika pakhosi, koma anawameza. Ungayambe bwanji kuwerengera msuweni malamulo anthu akuseka? Anangoti, "Uziwerenga wekha," koma Elias maso anali kale kubwalo kumene gule anali atalowa.

Dzuwa la Okutobala litayamba kuswa mtengo, ophunzira a chaka chomaliza anadzaza laibulale, aliyense kalikiliki ndi kafukufuku wake. M'mawa wina mtsikana wina dzina lake Fyness anakweza dzanja.

"A Madamu, yakana kutsegula."

Perpetua anawerama n'kuwerenga pakompyutapo. Kampani ija inali itaimitsa koleji yonse chifukwa chophwanya pangano. Anayesa kompyuta ina, mawu omwewo.

"Ndi netiweki chabe," ananama. "Ibwera."

Anazemba n'kukaima kuseri kwa thanki ya madzi n'kuimbira Elias.

"Iwe, kiyi uja unapatsako ndani?"

"Aaa, anzanga a pagulu lathu la pafoni basi. Ena ali ku Mchinji, wina tsidya la Mozambiki. Pali winanso ali ndi kashopu kosindikiza pamsika pano, akuthandiza anthu zedi. Bwanji kodi? Za pa intaneti zimatha ngati?"

Perpetua anadula foni. Anakhala pansi pafumbi ndi diresi lake la kuntchito.

Kuyambira tsiku limenelo mantha anamanga msasa mumtima mwake. Akamva nsapato pakhonde, ankangoganiza kuti akudzamuitana ku ofesi. Ntchito imeneyi ndiyo inali mutu ndi miyendo yake, ndiyo inkaphunzitsa ana ake, ndipo kodi woyang'anira laibulale wochotsedwa chifukwa chophwanya pangano angalembedwenso kuti? Ophunzira ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa za netiweki, iye n'kumayang'ana kumbali. Fyness anafika pogwetsa misozi, poti kafukufuku wake anali pakati ndipo mayeso anali pakhomo.

Mkulu wa kolejiyo, a Sakala, anaitanitsa antchito onse. Anafotokoza kuti kampani yaona mabuku ochuluka akukopedwa athunthu kuchokera m'mayiko atatu, onsewo ndi pasiwedi imodzi, ndipo yalonjeza kutchula mwini wake.

"A Mvula," anatero a Sakala mokoma mtima, "musadandaule. Tikudziwa mmene mumawalangizira ana amenewa. Tikam'peza wophunzira wachita izi, apita kwawo tsiku lomwelo."

Anthu anavomereza ndi mitu. Perpetua naye anagwedeza mutu. Akanatha kuyankhula pomwepo, koma mantha anam'manga lilime. Anayamba kudzinamiza kuti mwina azungu akutaliwo aiwala. Ha, makina amaiwala?

Lachisanu lake anaitanidwa ku ofesi. A Sakala sanam'patse moni. Anangotembenuza kompyuta kuti aone yekha, ndipo dzina linali pamenepo linali lake.

"Si inu munalemba malamulo ali pachitseko paja?" anafunsa a Sakala motsitsa mawu.

"Ndine, bwana."

"Nanga amene munam'patsayo munamuwerengera?"

Perpetua anafuna kunena za chisuweni, za mphasa ya ku Mkaika, za amayi oseka aja, koma anaona yekha kuti mawu amenewo sangaime mu ofesi.

"Kampani yakana kutitsegulira chaka chino," anatero a Sakala. "Ana aja alemba mayeso ndi mabuku a njenjete. Siyani makiyi patebulopo, mukadikire kunyumba. Bodi yoyendetsa koleji ikuitanani, koma ine sindikulonjezani kanthu."

Anatuluka. Pakhonde la laibulale ophunzira anali ataima, Fyness patsogolo, pafupi ndi pepala la malamulo lija. Palibe anam'nyoza. Anangopatuka kuti adutse, ndipo zimenezo zinam'pweteka kuposa mwano.

Ali pasiteji kudikira minibasi, foni inalira. Anali Elias, mawu ake ali mwaa ndi chimwemwe.

"Mkazi wanga, kiyi uja wafa, anzanga akundivutitsa kuno. Tatumiza wina msanga!"

Perpetua anayang'ana m'chikwama mmene munkakhala makiyi a laibulale. Munalibe kanthu. Minibasi inabwera, kondakitala anakuwa mpaka kutopa, inapita, iye ali chiimire ndi foni kukhutu.

Chinthu cha mwini chili ndi malire ake, ndipo wochibwereka sakhala ndi mphamvu yochibwereketsanso, ngakhale kwa msuweni. Perpetua ankaphunzitsa ena zimenezi chaka ndi chaka, koma anazimvetsa bwino tsiku limenelo pamsewu wa ku Chipata. Akuluakulu sananame pamene anati khasu lobwereka silikhala kuthyoka.