Misomali ya Ankhoswe

A Gerisomu Chimbalanga ndi amene anandikhomera denga. Ndayamba ndi dzina lawo kuti wina asadzati ndimangolankhula za m'maluwa. Iwowa ndi malume ake a mkazi wanga, komanso ndi ankhoswe a ukwati wathu. Kuwatengera kubwalo sindingathe. Kuwakalipira pamsewu sindingathe. Chomwe ndingathe ndi kukulembera fanizo, iwe Tiyese mphwanga, poti ndamva kuti khoma la nyumba yako latsala pang'ono kufika pamwamba. Uwerenge, uchite nalo zomwe ukufuna. Ine ndatopa.

Panali munthu wina amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya udzu. Chaka ndi chaka ankamweta udzu ndi kufolera, chaka ndi chaka chiswe chinkadya. Chaka china mtedza unamuyanja. Anagula malata, nawatengera pangolo, nawaimika kuchipinda. Tsiku lililonse ankalowa kukawasuzumira ngati khanda.

Munthuyu nkhokwe anali atasiya kalekale chifukwa cha akuba. Chimanga chake chinkagona m'nyumba, m'matumba, pamodzi ndi eni ake. Choncho denga lomwe ankafunalo silinali la anthu okha. Linali la chakudya cha chaka chonse.

Anayamba kufunsafunsa mmisiri. Woyamba anamupeza ali pamowa dzuwa lisanafike pamutu. Wachiwiri anali ndi nyumba zitatu zosamaliza, ndipo eni ake onse atatu ankamusaka. Kenako anthu anamulozera kwa mkulu wina wa kutsidya kwa dambo, amene anakhoma denga la chigayo. Munthu uja anapita kuchigayoko masana, nalowa, nayang'ana kumwamba. Sanaone kabowo kolowetsa kuwala ngakhale kamodzi. Anazungulira panja kuona mmene misomali inakhalira. Anafunsa mwini chigayo ngati dengalo limadontha.

"Zaka zisanu ndi zitatu," anatero mwini chigayo. "Ufa wa munthu sunanyowepo muno."

Mkulu wa kutsidyayo anali munthu wosaseka. Anabwera, nayeza khoma, nagogoda mitengo ya denga kuti amve ngati yauma. Kenako anati, "Ndibwera pakatha milungu itatu. Ndili padenga la eni ake, ndipo sindisiya ntchito pakati."

Munthu uja anavomera. Koma nkhani siigona pamudzi. Patangopita masiku awiri anafika ankhoswe ake, malume a mkazi wake, atamangirira sowo ndi hamala pakaliyala wa njinga. Anakhala pampando, nafunsa za ana, nafunsa za kumunda. Kenako anati:

"Akamwini, ndamva kuti munawoloka dambo kukafuna munthu wa hamala. Kodi ine ndinafa?"

Ankhoswewo analidi akalipentala. Ankakhoma mabenchi, zitseko ndi mabokosi a maliro, ndipo mwa onse amene anagona m'mabokosi awo palibe anabwerako kudzadandaula. Koma denga lokhoma iwo palibe analionapo.

Munthu uja anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anayang'ana pansi. Munthu uja anakumbukira kuti awa ndi amene anaimirira pa ukwati wake. Anakumbukiranso kuti chaka chachiwiri cha banja, mkazi atanyanyala ndi kupita kwawo, awa ndi amene anamubweretsa. Ndiye anati, "Ayi ankhoswe, ntchito ndi yanu."

Anatumiza mawu kutsidya kuti mkulu uja asavutikenso. Mkuluyo anangoyankha kuti, "Chabwino. Mvula ndi imene idzayendere ntchitoyo."

Ntchito inayamba mu Okutobala, kumwamba kuli mbee. Ankhoswe anayamba ndi pemphero. Kenako anakwera, ndipo munthu uja anatsala pansi akupereka malata limodzilimodzi.

Tsono lata lili ndi misana ndi ngalande. Madzi amayenda m'ngalande. Msomali umakhomedwa pamsana, pamene madzi sakhala. Izi munthu uja ankazidziwa, chifukwa anali ataziona ndi maso ake kuchigayo kuja. Lata loyamba litaikidwa, anaona ankhoswe akuimika msomali m'ngalande, pamene lata lagona pamtengo, poti pamenepo msomali suterereka ndipo umalowa msanga.

"Ankhoswe," anatero munthu uja, "misomaliyo..."

Hamala inaima m'mwamba. Pabwalo panali mkazi wake ndi apongozi ake aakazi akusola mtedza wa mbewu. Nawonso anaima.

"Yatani misomali, akamwini?"

"Ayi, ndimati ngati yachepa ndikagule ina."

Hamala inatsika. Inalira masiku atatu, ndipo munthu uja anapereka malata onse ndi manja ake, mpaka lomaliza. Denga linawala. Odutsa pamsewu ankaima ndi kunena kuti, "Achimwene, mwatuluka mu udzu." Analowetsa matumba a chimanga kuchipinda, nawasanja pamitengo, natseka chitseko.

Mvula yoyamba inagwa masana ena mu Disembala. Munthu uja anakhala pakati pa nyumba kuti amve kulira kwa malata ake. Dontho linamugwera pabondo. Anayang'ana kumwamba. Msomali uliwonse unali ndi dontho lake, ndipo madonthowo anafola mizere kuyambira kukhomo mpaka kuchipinda. Anatchera beseni, ndowa, mapoto, mbale, mpaka mtondo. Ziwiya zinatha, misomali isanathe.

Anasuntha matumba kupita pakona. Pakonapo panali msomali. Anawafunditsa pepala la pulasitiki, madzi anayenda pansi ndi kulowa chakumunsi. Mu Januwale kunagwa mvumbi wa milungu iwiri, dzuwa loyanikira osaoneka. Tsiku lina anapisa dzanja m'thumba ndipo anamva kutentha. Chimanga chinali chitachita chuku. Anasankha chomwe chinkaoneka bwinoko nakagayitsa, koma ufa unali wakuda ndi wowawa. Ana anadya tsiku limodzi, mawa lake m'mimba. Febuluwale anafika, mwezi wa njala, ndipo munthu amene anakolola zokwanira anayamba kupalira minda ya anzake kuti apatsidwe ufa wa m'mbale.

Tsiku lina atabwera kuganyu anapeza mkazi wake akukhuthula beseni. Anati, "Malume akowa atipha."

Mkaziyo anati, "Inu munali pomwepo mukupereka malata. Anakutsekani pakamwa ndani?"

Munthu uja anamenya beseni ndi phazi, beseni linakagwera panja. Mkazi anamanga mwana kumbuyo natuluka.

Mwambo umaudziwa. Banja likavuta, amaitana ankhoswe. Nkhoswe ya mbali ya mwamunayo, mkulu wake, inali ku Joni. Ndiye anabwera malume aja okha, panjinga yomwe ija.

Anawapatsa mpando pabalaza. Mwamuna anakhala pathumba lopanda kanthu, mkazi pamphasa. Ankhoswe atangoyamba kulankhula, mvula inayambanso.

"Ana anga," anatero, "banja ndi kupirira."

Dontho linawagwera paphewa. Anasuntha mpando pang'ono.

"Mwamuna weniweni sakalipira mkazi chifukwa cha nyengo. Mvula amagwetsa ndi Mulungu."

Dontho lina linagwera pachipewa chomwe anaika pabondo. Anasunthanso mpando. Sanayang'ane kumwamba ngakhale kamodzi.

Munthu uja anati, "Ankhoswe, nanga dengali?"

"Denga latsopano limatero, akamwini. Misomali ikachita dzimbiri, mabowo adzatsekeka okha. Koma lero sitinabwerere denga. Tabwerera mawu omwe munanena, akuti malume akowa atipha. Mkazi wanu wawamva, ana awamva. Munthu akanyoza akuchikazi, amapepesa ndi chiyani?"

Munthu uja anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anali ataonda ngati iye yemwe. Anadziwa kuti akakana, mkaziyo apita kwawo, ndipo womubweretsa ndi yemweyu. Anatuluka pamvula, nathamangitsa thadzi lomwe linatsala, naligwira, nalipereka ndi manja awiri.

Ankhoswe analandira, nalimangirira pakaliyala. Pokwera njinga anati, "Mvula ikadula ndibwera ndi makwerero ndi phula. Ndi ntchito ya tsiku limodzi imeneyo."

Mvula itadula, munthu uja anadikira. Atatopa anawoloka dambo kupita kwa mkulu wosaseka uja. Mkuluyo anabwera, nayang'ana, nati, "Lata lobowoledwa m'ngalande ndi sefa. Phula ligwira mwezi, kenako lisweka ndi dzuwa. Komanso ine sindikwera padenga la mmisiri mnzanga iye ali moyo. Muitaneni mwini wake."

Fanizo lathera pamenepo, Tiyese.

Anthu akuuza kuti ufunse mtengo kwa amisiri atatu. Funsa, si zoipa. Akuuzanso kuti ukaone nyumba yomwe anakhomapo. Pita, ndipo ukafunse mayi wa m'nyumbamo, chifukwa bambo amabisa manyazi ake koma wotchera mabeseni sabisa. Koma usanachite zonsezo, udzifunse funso limodzi: munthuyu akalakwitsa, ndingathe kumuuza kuti tsikani? Ndipo akakana, ndikamunenera kwa ndani? Ngati kokamunenerako kuli kwa iye yemwe, usamupatse hamala. Umupatse mpando, umupatse ulemu wake wonse, ngakhale nkhuku umuphere. Akwiya mwezi umodzi. Denga limadontha zaka.

Usaganize kuti ndikudziyeretsa. Msomali woyamba unali wawo. Inayo ndinakhoma ndine, nditaimirira pansi, pakamwa pali chotseka.

Mvula yadula katatu tsopano. Chimanga ndimasungitsa kwa aneba. Thadzi lija linaswa, ndipo anapiye ake ndimawaona pabwalo pawo ndikamadutsa. Tikakumana kutchalitchi amandigwira dzanja ndi kufunsa kuti banja likuyenda bwanji. Ndimati likuyenda.

A Gerisomu Chimbalanga ali ndi ngongole ya tsiku limodzi la ntchito ndi chimanga cha chaka chimodzi. Makwerero sanafike. Sanabweze.