Mwana amene anapatsidwa 6 pamwamba pa 3

Panali mphunzitsi wina amene anatulutsa ana ake m'kalasi n'kupita nawo pabwalo la mpira. Mwana aliyense anamupatsa kachidutswa ka katoni kolembedwa nambala. Kenako anati:

"Jambulani mabwalo awiri pansipa. Lina likhale la nambala zathunthu, monga 5, 0, ngakhale za pansi pa ziro. Lina likhale la nambala iliyonse imene ingalembedwe ngati yathunthu pamwamba pa yathunthu inzake, kamzere pakati. Belu likalira, amene ndimupeze kunja kwa bwalo akakumba chitsa."

Atatero anapita ku ofesi.

Anawo anajambula mabwalo awiri motalikirana, lina kugolo kuno, lina kugolo uko. Sanachedwe kulowamo. Wa 5 anathamangira kwa athunthu, wa theka anathamangira kwa a kamzere, ndipo aliyense anaima monyada pakati pa anzake.

Panatsala mtsikana mmodzi. Pakakatoni kake panali 6 pamwamba, kamzere, 3 pansi.

Anayamba wapita kwa a kamzere, poti kamzere anali nako. Iwo anasuzumira kakatoni kake n'kuseka.

"Iwe usatinamize. 6 ukaigawa patatu ndi 2. Ndiwe wathunthu, wangovala zovala zathu. Pita kwanu uko."

Anadutsa bwalo lonse la mpira, dzuwa lili pamutu, n'kufika kwa athunthu. Mnyamata wa 5 anatambasula manja kumutchingira.

"Aise, taona amayiwa! Abwera ndi kamzere kawo m'mimba. Ife kuno tilibe mizere, mayi. Bwererani komwe mwachokera."

Anabwerera. Anamubwezanso. Uku ankati ndi wa uko, uko ankati ndi wa kuno, ndipo mbali zonse ziwiri zinali ndi chifukwa chomveka. Mnzake wina anamunong'oneza kuti afufute kamzereko ndi malovu, alembe 2 basi, nkhani ithe. Mtsikanayo anayang'ana kakatoni kake.

"Sindifufuta kanthu," iye anatero. "Anandipatsa chonchi."

Anathyola kamtengo. Anapita pabwalo la a kamzere, n'kufafaniza mbali imodzi ya mzere wawo ndi phazi. Anawo anakuwa, koma iye sanacheuke. Anawerama n'kuyamba kukoka kamtengoko m'dothi, kutalikitsa mzerewo. Anayenda nawo mpaka kugolo linalo, anazungulira kuseri kwa athunthu onse, n'kubwerera kudzaulumikiza pomwe anayambira. Tsopano bwalo la athunthu linali m'kati mwa bwalo la a kamzere.

"Watitsekera kwa anthu a mizere!" anakalipa wa 5 uja.

"Iweyo ndiwe 5 pamwamba pa 1," anayankha mtsikanayo. "Unali wa konkuno kuyambira kale, sunadziwe chabe. Sendera uko."

Analowa m'bwalo laling'onolo, naima mmenemo, kakatoni kake kali m'mwamba. Poima m'laling'ono, anali ataimanso m'lalikulu. Belu linalira. Mphunzitsi atabwera anayang'ana mzere wautaliwo, anayang'ana anawo, ndipo sanapeze woti amutume ku chitsa.

Ndanena fanizoli chifukwa cha Tiyezge, mwana wanga, amene akusewera panjapo osadziwa kuti akuluakulu takhalira iye.

Inu amalume anga a ku Dowa mwanena bwino: kwathu mwana ndi wa kuchikazi, choncho munda wake uli kwa amayi ake ku Mzimba. Inu alamu anga a ku Mzimba mwanenanso bwino: kwanu mwana ndi wa kwa bambo, ng'ombe munalandira, choncho munda wake uli kwa ine ku Dowa. Nonse mwalondola. Ndipo pakulondola kwanuko mwanayu watsala pamtetete, wopanda ngakhale mzere umodzi wodzalapo chimanga.

Ine si munthu wokonda kukangana ndi akulu, mukundidziwa. Koma ine ndi mayi ake sitidzakhalapo mpaka kalekale. Ndikaganiza za tsiku limene adzatsike basi ali yekha, thumba m'manja, wina n'kumulozera njira ya kumpoto, winanso n'kumulozera ya kumwera, chakudya sichitsika.

Mwandilangiza kuti tingosankha mbali imodzi, inayo aiiwale. Ndakana. Magazi a ku Dowa sitiwafufuta, a ku Mzimba sitiwafufuta. Ngati mwambo wanu sukumufikira mwanayu, wafupika ndi mwambowo. Muutalikitse.

Ndikupempha mwaulemu, koma ndikupempha lero. Tisanabalalike, munditchulire munthu mmodzi wa ku Dowa ndi munthu mmodzi wa ku Mzimba amene adzatsegule chitseko Tiyezge akadzaodira. Amayi ake amuitane, alowe, amve mainawo ndi makutu ake. Mpaka pamenepo, ine pampando pano sindinyamuka.