Mvuu Afuna Dzina la ku Mangalande

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, kuseri kwa phiri kunali thamanda la madzi ozizira ngati a mumtsuko. Mvuu analipeza, nalowamo, phava! Basi lasanduka lake. Madzi ake, udzu wake, ngakhale matope ake.

Tsono Namzeze, kambalame kosakhazikika kaja, anali atangobwera ku ulendo. Mkazi wake anali pafupi kuikira mazira, chisa palibe. Chisa cha namzeze mukuchidziwa, n'chamatope. Koma gombe linali litauma gwa, matope ali pansi pa mimba ya Mvuu pokha.

"Malume," anatero Namzeze, "tigawireniko dothi pang'ono."

"Choka apa! Ufuna undithere thamanda?"

Namzeze anatera pabango, napukusa mutu.

"Thamanda? Munthu wamkulu ngati inu kugona m'thamanda? Ine ndafika ku Mangalande, malume. Kumeneko dera lililonse lili ndi katchulidwe kake. Kwina madzi ngati awa amati miya."

"Miya..." Mvuu analilawa dzinalo, linamukomera. "Kuyambira lero ano ndi Miya a Mvuu!"

"Aa, msanga chotero? Miya amakhala ofewa m'mbali. Ndiponso akuluakulu akumeneko amayamba anunkhiza dothi lake, ndiye n'kuvomereza."

"Nanga angawapititsire ndani?"

"Kutali konse kuja? Mapiko anga ngotopa. Koma poti ndinu malume..."

Mvuu anavuuka. Ponde apa, ponde apo, tchofu tchofu tchofu, thukuta kamukamu, mpaka gombe lonse linasanduka phala. Namzeze anajompha dothi, pyooo, kuphanga kumene anali kumanga. Posachedwa uyu wabwera.

"Iwe, wafika kale ku Mangalande?"

"Mphepo inali kumsana, malume."

"Ati chiyani?"

"Ati lachepa. Akuluwo ngambiri, aliyense afuna kununkhiza lakelake."

Anajomphanso, pyooo! Mawa lake anabwera awiri.

"Nanga uyu ndani?"

"Mayi akunyumba, akundithandiza katundu."

Mkucha wake anabwera alamu, azakhali, ndi anansi omwe. Gombe likayamba kuuma, Mvuu ankapondanso yekha, tchofu tchofu, uku akukalipa: "Fulumirani, tengani lambiri, alendo angatiyese aumbombo!"

Chisa chinatha. Mazira anayi analowamo, anayi anaswa. M'phangamo munadzaza zisa ngati mudzi.

"Nanga yankho?" anafunsa Mvuu.

"Akali kukambirana, malume. Nkhani zazikulu sizithamanga."

Mpaka lero mukaona mvuu yatulutsa maso ndi makutu okha pamadzi, musaisokoneze, ikudikira uthenga. Ndipo inu, mnzanu woyendayenda akakubweretserani dzina lokoma lakutali, yambani mwafunsa ngati kwawo akumanga.

Nthano yanga yauluka ndi anamzeze, yathera pomwepa.