Adokotala a M'nyumba Mwawo

Aphunzitsi a sukulu ya mkaka adayamba maphunziro a Loweruka, aja a maganizo ndi khalidwe la munthu, amene amati saikoloje. Adangofika pa mutu wachitatu wa buku, koma m'nyumba mudalibenso munthu wotsokomola osamasuliridwa. Mwana akasiya chakudya, "Akufuna chidwi ameneyu." Mlamu wawo, mlongo wa amuna awo, akaseka kwambiri, "Mukubisa nkhawa inu." Mlamuyo adawapatsa dzina loti Adokotala, eni ake n'kulilandira ndi manja awiri.

Ndiye amuna awo, mmisiri wocheka matabwa pa makina, adayamba kusintha. Aphunzitsi akawaitana ali kukhitchini, zii. Wailesi ankaikweza mpaka mawindo kunjenjemera. Patebulo ankangogwedeza mutu, ngakhale pa nkhani yofuna yankho. Aphunzitsi adachita mantha kuti banja likuwapulumuka m'manja, ndipo adathamangira ku buku.

"Akundinyanyala chifukwa ndabwerera kusukulu," adauza mlamu wawo. "Mwamuna akaona mkazi akukwera amadzimva kuchepa. Zidalembedwa."

"Zidalembedwa za achimwene angawa?" adafunsa mlamuyo. "Inu Adokotala, bwanji osangowafunsa? Pakamwa muli napo."

"Kuwafunsa n'kuwapatsa mphoto. Tidaphunzira kuti khalidwe ukalilabadira limakula, ukalinyalanyaza limafa lokha. Ana anga kusukulu ndimawatero, ndipo zimayenda."

"Achimwene si mwana wa mkaka, mlamu."

Koma Aphunzitsi adakakamira ngati nkhupakupa. Zovala ankachapa, chakudya ankaika patebulo, koma pakamwa adatseka. Madzulo ena bamboyo adaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja, akuoneka kuti ali ndi mawu. Mtima wa Aphunzitsi udafewa ndithu. Koma adakumbukira zoti khalidwe likatsala pang'ono kufa m'pamene limalimbikira, choncho adatembenuka n'kupitiriza kupinda zovala. Bamboyo adaima kanthawi, kenaka adatuluka.

Tsiku lina Aphunzitsi atabwerako kuntchito adapeza chikwama cha amuna awo palibe, nsapato palibe. Mlamu adali pampando, ndipo tsiku limenelo sadawatche Adokotala.

"Apita kwa achimwene aakulu," adatero. "Ndi makutu, mlamu. Makina aja awagonthetsa. Kuchipatala adawauza kuti lamanzere latheratu, lamanja likutsatira. Ankachita manyazi, ankaopanso kuti ntchito iwathera. Inenso andiuza lero lomwe. Tsiku lomwe adalimba mtima kuti akuuzeni, inu mudawafulatira. Iwo akuti mudadziwa kale, ndipo munthu wophunzira safuna gonthi m'nyumba."

Manyazi ndi chisoni zidawagwira Aphunzitsi pamodzi. Sadavule n'komwe nsapato za kuntchito, adapita komweko. Adapeza amuna awo ali panja, akukhomerera mwendo wa mpando. Adagwada n'kuyamba kupepesa motsitsa mawu, misozi ili chuchuchu. Bamboyo adangowayang'ana pamilomo, kenaka adapendeketsa mutu kuti atchere khutu lamanja. Zonse zija Aphunzitsi adachita kuzibwereza mokuwa, anthu a nyumba zoyandikana akusuzumira pa mawindo.

"Ndamva, amayi," adatero bamboyo pamapeto pake. "Koma nthawi imene khutuli linkamvako bwino, inu mudali chete. Pitani, ndiyambe ndaganiza."

Aphunzitsi adabwerera okha. Buku lija silidaname ayi, lidanena za anthu ambirimbiri. Koma za munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi, wodziwa adali mwini wake, ndipo sadafunsidwe. Paja akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina.