Chisoso pa Njira ya kwa a Zuze

Abale anga, kumapiri kwinakwake kunali mkulu wa mpingo. Mumpingo mwakemo munali a Zuze, osoka nsapato, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ankakhala okhaokha kutsidya kwa dambo.

Tsiku lina abusa anati, “Akulu, tafufuzani ngati a Zuze akuzondedwa. Ngati ayi, tisankhe munthu woti aziwatungira madzi.”

Lamulungu mkuluyo anaima pakhomo la tchalitchi, nkumafunsa mmodzimmodzi kuti kwa a Zuze amapitako kangati.

“Aaa, kawirikawiri ndithu,” anatero mayi wina.

“Ine ndiye dzanadzanali ndinali konko,” anatero bambo wa kwaya.

Mlimi wina anati, “Sabata siitha osapondako.”

Mkuluyo sanali wopusa ayi. Ankadziwa kuti munthu amadzikometsera. Anaphatikiza mayankho onse mumtima, nkutayako theka. Komabe otsalawo anaonetsa ngati kwa a Zuze alendo amachita kulandirana mpando. Anakauza abusa, “Musavutike, bambo amene uja sasowa anthu.” Wotunga madzi sanasankhidwe.

Mvula ili mkati, mkuluyo anati akawaone yekha a Zuze. Atangopatuka pamsewu, njira inasowa. Udzu wokhawokha! Chisoso chinamatirira buluku lake mpaka m'mawondo. Anaima kaye. Njira yopondedwa tsiku ndi tsiku imera bwanji chisoso?

“Odi!” Kuli zii.

Anakankha chitseko. A Zuze ali gone pamphasa, nthiti zikuwerengeka, mtsuko uli gwa. Pambali pawo panali kambale kotchera madzi odontha kudenga.

“Ndinu akulu?” anatero ndi mawu otsika. “Ine ndimayesa mpingo unasamuka.”

Mkulu uja anagwira pakamwa. Anathamanga ndi mtsuko kuchitsime.

Atafunsanso anthu aja, zinamuumitsa thupi. Dzanadzana la bambo wa kwaya linali nthawi yokolola. Mayi uja ankawerengera moni wokuwa ali pamsewu. Mlimi uja ankawerengera maulendo amene ankangolinga kupita. Palibe ankadziona ngati akunama, komatu munthu anatsala pang'ono kufa ndi ludzu pakati pa Akhristu.

Tanthauzo lake nali, abale. Mtima umawerenga zabwino zimene tinafuna kuchita ngati tinazichita kale. Koma Mulungu safunsa pakamwa kuti kangati. Iye amayang'ana njira. Aliyense wa ife ali ndi a Zuze ake. Musandiuze kuti mumapitako kangati. Lamulungu likudzali ndikufuna ndione chisoso pa zovala zanu.