Maloko Atatu pa Chitseko cha Madzi

Panali mlimi wina wa mpunga amene ankakhala m'dambo lalikulu, pa sikimu yothirira ya boma. Umu ndi mmene a katekisiti athu, a Kachingwe, anayambira fanizo lawo Lamulungu lapitali, ndipo ndikulilemba monga ndinalimvera, kuti amene sanabwere nawonso alimve.

Madzi a pa sikimupo ankachokera mumtsinje, n'kudutsa pa chitseko chimodzi chachitsulo, n'kuyenda m'ngalande mpaka ku ndime zakumapeto. Poyamba panali komiti imodzi ya madzi, ndipo pachitsekopo panali loko mmodzi. Chaka china ngalande inagumuka, boma linakhazikitsa komiti yachiwiri yoyang'anira ngalande. Nayonso inaikapo loko wake. Posakhalitsa makomiti awiriwo anayamba kukangana. Ndiye panabadwa komiti yachitatu, ntchito yake kulangiza awiri aja kuti asamakangane. Iyonso inati, ife tikhala bwanji opanda loko? Maloko anakwana atatu, ndipo madzi sankatuluka pokhapokha apampando onse atatu atafika ndi makiyi awo.

Mlimi uja ndiye anali wapampando wa komiti yolangiza. Sanali munthu woipa. Ankapemphera, ankapita kumaliro, sankaba madzi a mnzake. Koma kiyi wake ankamukonda. Anamumangirira pa chingwe n'kumamuvala m'khosi, ndipo anthu akamuitana kuti "a Tcheyamani", mtima wake unkakhala m'malo.

Mkazi wake ankamuseka. "Abambo, ngakhale posamba? Kiyiyo achita dzimbiri, inunso muchita naye dzimbiri."

Iye ankangoti, "Mayi, udindo savula."

Komiti iliyonse inkachita misonkhano yake. Msonkhano uliwonse unkafuna alawansi, mabanzi ndi zoziziritsa kukhosi. Ngalande inkadontha m'malo ambiri, koma ndalama ya simenti inkasowa.

Tsiku lina kunabwera mlangizi wa boma pa njinga yamoto, atanyamula kalata. Anawerenga pamaso pa alimi onse kuti makomiti atatu aja atha. Pakhala komiti imodzi ya anthu asanu, osankhidwa ndi alimi eni ake, ndi loko mmodzi. Ndalama zimene zinkathera m'misonkhano zigula simenti yomatira ngalande.

Alimi anaomba m'manja. Apampando atatu aja anangoyang'ana pansi.

Mlangizi anati, "Ine sindithyola loko wa munthu. Amene anaika, achotse yekha. Ndikadzabweranso kumapeto kwa mwezi tidzachita chisankho." Analiza njinga yake n'kumapita.

Apa ndi pamene zinavutira. Wapampando aliyense anaganiza mumtima mwake kuti loko amene atsale pomaliza ndiye adzakhale loko wa komiti yatsopano, ndipo mwini wake ndiye adzakhale mkulu. Choncho palibe amene anafuna kuyamba. Palibenso amene anafuna ngakhale kuyandikira chitseko chija, poopa kuti akangotsegula loko wake, anthu amuuza kuti amuchotseretu. Wa madzi anati akudwala mwendo. Wa ngalande anati ali ndi ulendo wa kwa apongozi. Mlimi wathu uja anati, "Ine ntchito yanga ndi kulangiza. Ndikuwalangiza anzangawo kuti ayambe ndi iwo."

Chitseko chinakhala chotseka masiku asanu ndi anayi, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo.

Ndime ya mlimi uja inali pafupi ndi mtsinje, pomwe nthaka imakhala yonyowa nthawi zonse. Mpunga wake unali wobiriwira bwino, ndipo iye ankaganiza kuti kulikonse zili chomwecho.

Pa tsiku lakhumi, mbuzi yake inadula chingwe n'kuthawira kumunsi. Poitsatira, anayenda m'mbali mwa ngalande youma mpaka ku ndime yomalizira, kumene anali asanafikeko zaka zitatu. Kumeneko nthaka inali itang'aluka, ming'alu yolowa dzanja. Mpunga unali utayamba chikasu. Pakati pa ndimeyo panali mayi wina wamasiye wolera ana yekha, Nachisale, atasenza ndowa ya madzi ochokera kuchitsime. Ankathira pa phando limodzi limodzi, ngati akuthirira tomato. Madziwo ankangolowa m'ming'alu n'kuzimirira.

Mayiyo anatula ndowa n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Takulandirani, a Tcheyamani. Mwabwera kudzandilangiza?"

Mlimi uja anayang'ana ming'alu ija, mayiyo n'kupitiriza.

"Ine musandilangize, ndatopa. Langizani mpungawu. Muuuze kuti udikire chisankho cha kumapeto kwa mwezi."

Anasenzanso ndowa yake n'kubwerera kuchitsime. Sanatukwane, sanalire. Koma mlimi uja anamva chingwe cha m'khosi chija chikulemera ngati wakolekedwa mwala.

Anaiwala za mbuzi. Anayenda molunjika mpaka pachitseko, dzuwa lili paliwombo. Anaima pamenepo nthawi yaitali kiyi ali m'manja. Ankadziwa kuti akachotsa loko wake, palibenso amene adzamuitane kuti a Tcheyamani. Ankadziwa kuti anzake awiri aja amuseka kuti wagonja. Ankadziwanso kuti madzi satuluka, chifukwa maloko awiri atsalabe. Anapemphera mawu ochepa, nati, "Ambuye, enawo si anga. Wanga ndi uyu." Anatembenuza kiyi, loko n'kutseguka.

Madzi sanatuluke. A katekisiti anaima kaye apa n'kutiyang'ana, nati tisaiwale mbali imeneyi: munthu uja anachita chabwino, ndipo tsiku limenelo palibe chimene chinasintha.

Koma sanapite kwawo. Anakhala pansi pambali pa chitseko, loko wotsegula ali pamwendo. Alimi odutsa anaona, nkhani n'kufalikira. Anthu anayamba kubwera, ena ndi makasu, n'kumakhala naye pamenepo.

Chakumadzulo kunatulukira wapampando wa ngalande, uja anati ali kwa apongozi.

"Achimwene, ndiye mwagonja?"

"Sindinagonje. Ndatsegula. Pitani kumunsi mukaone ndime ya Nachisale, mukabwerako mudzandifunsenso."

Munthuyo anayang'ana khamu lija, nayang'ana loko wake ali lende pachitsulo. Sanapite kumunsi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

Wa madzi anabwera m'mawa mwake, akutsimphina pang'ono kuti anthu asaiwale kuti mwendo unkamupweteka. Ataona kuti loko wake watsala yekha, ndipo alimi onse akumuyang'ana, anazindikira kuti kutsala pomaliza si ulemu ayi. Anatsegula. Amuna anayi anakweza chitseko, madzi n'kulowa m'ngalande ndi mkokomo, akukankha zinyalala za masiku khumi. Mlimi uja anatenga khasu n'kuyenda patsogolo pa madziwo, akuchotsa udzu ndi matope, mpaka anawafikitsa yekha pa ndime yomalizira.

Chisankho chitachitika, iye sanasankhidwe. Zinamupweteka, tisaname. Anthu anayamba kumuitana dzina lake lenileni, ndipo masabata oyamba ankachedwa kuyankha, ngati aitana munthu wina. Simenti inabwera, ngalande inamatidwa, ndipo iye anali m'gulu la omata.

Mpunga wa Nachisale sunapulumuke wonse. Mbali ina inali itapsa kale. Koma nthawi yokolola mayiyo anabwera pakhomo pa mlimi uja ndi kambale ka mpunga watsopano.

"Ndapeza matumba anayi," anatero. "Vuto ndi limodzi. Chitseko cha kachipinda kosungiramo chilibe loko."

Mkazi wa mlimi uja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Analowa m'nyumba, natuluka ndi loko uja pamodzi ndi kiyi wake, chingwe chili pomwepo. "Tengani, amayi. Wakhala akungotidyera malo pawindo."

Ndipo loko uja, amene kwa zaka zambiri ankatsekera madzi, anapita kukasunga chakudya cha ana amasiye.

A Kachingwe anatseka fanizo lawo motere. Anati: Abale ndi alongo, maudindo ambiri amayamba bwino. Komiti iliyonse inabadwa pofuna kuthandiza. Koma imafika nthawi pamene mpando umene unaikidwa kuti utumikire anthu umayamba kudya chakudya cha anthu omwewo. Zimachitika m'boma, zimachitika m'mudzi, zimachitikanso mumpingo muno. Mulungu sanakupatseni kiyi kuti muime pakati pa madzi ndi munthu waludzu. Mukamva kuti mpando wanu ukuphatikizidwa ndi wina, kapena ukuchotsedwa, musayambe ndi kufunsa kuti ine ndidzatchedwa ndani. Yambani mwayenda mpaka ku ndime yomalizira, mukaone amene akuthirira mpunga ndi ndowa. Ndipo musadikire kuti mnzanu ayambe. Pa tsiku lomaliza simudzafunsidwa za maloko atatu. Mudzafunsidwa za mmodzi, amene kiyi wake ali m'khosi mwanu.

A Kachingwe anatiyang'ana tonse m'tchalitchimo. Kenaka anati tiweramitse mitu, ndipo anapemphera kuti Mulungu atipatse manja odziwa kutsegula, ndi mtima wosaopa kuitanidwa dzina lathu lenileni. Tonse tinati ameni, ena mokweza, ena chapansipansi.